Chenjezo kwa Anthu a mu Livingstone: Werengani Maola ndi Ndalama Zimene Foni Ikukudyerani

Anthu a mu Livingstone, a ku Maramba, Dambwa, Libuyu, Linda, Ngwenya ndi makomboni ena onse, chenjezo ili ndi lanu. Musanagone lero, tengani foni yanu muone maola amene mwakhala pa Facebook, TikTok, WhatsApp, Instagram ndi YouTube kuyambira m'mawa. Musachite kuyerekeza, chifukwa foniyo yasunga nambala yeniyeni. Ndikukufulumizitsani chifukwa m'nyumba zambiri mumzinda uno nthawi, ndalama ndi tulo zikutha popanda woziwerenga. Anankafumbwe akalowa m'thumba la chimanga, thumbalo limaonekabe lodzaza mpaka tsiku lopita nalo kuchigayo.

Kuona kwake sikuvuta. Ambirife tili ndi ma Tecno, itel, Infinix kapena Samsung. Lowani mu Settings, mutsike mpaka mupeze polembedwa kuti Digital Wellbeing. Amene muli ndi iPhone, pezani Screen Time. Makampani a Google ndi Apple anayamba kuika zowerengera zimenezi m'mafoni mu 2018. Mmenemo mupeza maola a tsiku lililonse, pulogalamu imene yadya nthawi yambiri, kangati foni yalira kukuitanani ndiponso kangati mwaitsegula. Ngati foni yanu ilibe zimenezi, onani pa Data usage, pakuuzani pulogalamu imene ikumaliza bandulo yanu. Mukasokonezeka, mwana wa pakhomo kapena wokonza mafoni m'tauni akusonyezani msanga, koma PIN yanu ya mobile money musampatse.

Mwina wina akuti, "Ine ndimadziwa kale, ndimangoonako pang'ono madzulo ndikaweruka." Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Mu 2021, Douglas Parry wa pa yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa, pamodzi ndi anzake, anasonkhanitsa kafukufuku wambiri woyerekezera zimene anthu amanena za nthawi yawo ya pafoni ndi zimene makinawo analemba okha. Zotsatira zake, zimene zinatuluka m'magazini ya Nature Human Behaviour, zinasonyeza kuti manambala awiriwa kawirikawiri sagwirizana. Ena amachulutsa, ena amachepetsa, ndipo olondola ndi ochepa zedi. Ku England mu 2015, ofufuza ena anaika chowerengera m'mafoni a anthu 23 kwa masabata awiri. Anapeza kuti anthuwo ankagwira foni pafupifupi ka 85 patsiku, kuwirikiza kawiri zimene eni akewo ankaganiza. Sikuti ankanama dala ayi. Kusuzumira pafoni kwa kamphindi sikukhalitsa m'mutu, koma tikamphindi timeneto tikaunjikana timakwana maola.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu wokhala pamasamba a mchezo maola 3 patsiku amamaliza maola 21 pa sabata, ndipo pachaka amakwana 1,095. Amenewa ndi masiku 45 athunthu, usana ndi usiku womwe. Mukawagawa kukhala masiku a ntchito a maola 8, akupitirira 130. Pa nthawi yotere munthu amaphunzira kusoka, kuwotcherera zitsulo, kuyendetsa galimoto, ngakhale chiyankhulo cha alendo amene amatsika ndege pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula kudzaona mathithi. Ku ndalama nakonso nkhani ndi yomweyo. Wogula bandulo ya K10 tsiku lililonse amatulutsa K300 pamwezi, K3,650 pachaka. Mu 2024 thumba la ufa la makilogalamu 25 linkapitirira K300 m'mashopu ambiri, ndipo tonse tinadandaula. Koma ndalama ya bandulo sitiidandaula, chifukwa imatuluka pang'onopang'ono, K5 apa, K10 apo, ndiponso imachoka pafoni pomwepo dzanja osagwira ndalama yapepala. Bandulo ikatha pakati pa usiku, munthu amabwereka talk time, ndipo m'mawa amadzuka ali kale ndi ngongole. M'nyumba ya anthu anayi, aliyense ndi foni yake, werengani nokha kuti pamwezi mukutuluka zingati.

Pitani ku msika wa Maramba masana mukaime pambali muone. Mayi wakhala kuseri kwa milu ya tomato ndi timbale ta kapenta, foni ili pamwendo, chala chachikulu chikungokankha zithunzi m'mwamba. Wogula afika, agwira tomato mmodzi, afunsa mtengo. Mayi uja ayankha maso ali pansi. Wogulayo aimabe pang'ono, kudikira kuti mwina amva mawu a mbasela, koma zii. Asuntha kupita patebulo lotsatira, pomwe mwini wake wamulonjera kale n'kumutsegulira pulasitiki. Madzulo mayi uja popakira katundu adzati lero malonda sanayende, zinthu zavuta m'dziko. Zinthu zavutadi, sindikutsutsa, koma makasitomala ena a tsikulo anachita kuwapereka yekha kwa mnzake. Mnyamata wa pabuthi ya mobile money amene diso limodzi lili pa vidiyo amalakwitsa nambala imodzi, ndalama ya munthu n'kupita kwina, ndipo shoti yake amadzamudula pamalipiro. Mlonda wa palogi m'mbali mwa Zambezi amene nkhope yake ikuwala ndi foni usiku amaoneka patali, pomwe iye saona chilichonse mumdima.

Nkhani ya tulo inafika poipa m'chaka cha chilala. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika chakumapeto kwa chakacho madera ena ankakhala opanda magetsi mpaka maola 21 patsiku. Anthu anazolowera kudzuka pakati pa usiku malaiti akabwera kuti atchaje mafoni, ndipo pamenepo panalibe cholakwika. Vuto ndi chizolowezi chimene chinatsalira: kugona ndi foni pansi pa pilo, kudzuka 2 koloko usiku n'kuyamba kuonera mavidiyo mpaka tambala kulira. Madokotala amati munthu wamkulu azigona maola osachepera 7, ndipo wachinyamata wa kusekondale maola 8 mpaka 10. Aphunzitsi, funsani ana amene akuwodzera m'kalasi piriyodi yoyamba kuti anagona nthawi yanji. Azibwana a madalaivala, funsaninso chimodzimodzi musanapereke makiyi.

Amene mwaona nambala yanu n'kuchita manyazi, musadziyese ofooka. Mapulogalamuwa anawapanga dala kuti munthu asamachokepo. Mu 2006 katswiri wina dzina lake Aza Raskin anakonza njira yoti tsamba lisamathe, ukafika pansi zinanso zizingobwera, ndipo pambuyo pake iye mwini ananena poyera kuti akumva chisoni ndi mmene njirayo inagwirira anthu. Mu 2017 Sean Parker, amene anali pulezidenti woyamba wa kampani ya Facebook, anavomera kuti cholinga chawo chinali kudya nthawi ndi maganizo a munthu mmene angathere, ndipo ankadziwa kuti akugwira pamene mtima wa munthu uli pofewa. Pafupifupi ndalama zonse za kampani ya Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, zimachokera kwa otsatsa malonda. Mukakhalitsa, iwo amapeza zambiri. Makina awo amaona chimene mwaimapo nthawi yaitali, n'kukubweretserani zina zofanana nacho. Tsono zimene zimaimitsa chala cha munthu nthawi zambiri ndi mkangano, miseche, zithunzi za ngozi, ndi moyo wapamwamba wa anthu ena. Mukalowa kuti muone uthenga umodzi wa maliro, n'kutuluka patapita ola mtima uli wowawa, dziwani kuti makinawo agwira ntchito imene anawapangira.

Kwa ife a mu Livingstone pali ngozi ina imene mizinda yambiri ilibe. Msewu wa Mosi-oa-Tunya, kuchoka m'tauni kupita ku mathithi ndi ku mlatho wa kumalire ndi Zimbabwe, umadutsa m'mbali mwa malo osungira nyama. Njovu zimawoloka msewu umenewu, makamaka m'chilimwe, ndipo nthawi zina zimalowa m'makomboni. Zapha kale anthu mumzinda uno. Anyamata a njinga onyamula katundu kupita kumalire, ndikukupemphani ndi mtima wonse, chotsani zomvera m'makutu mukamapalasa msewu umenewu m'mamawa ndi madzulo. Nthambi ikathyoka patchire, kapena mnzanu akakuwa kumbuyo, khutu lanu ndi limene lingakupulumutseni. Ndipo mukaona njovu, musayandikire kuti mujambule vidiyo yokaika pa TikTok. Madalaivala a mataxi, a minibasi ndi a mathiraki opita ku mlatho wa Kazungula, malamulo a pamsewu amaletsa kugwira foni m'manja mukuyendetsa. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita oposa 30 pa masekondi awiri amene mwaweramira meseji. Mwana wowoloka msewu wa Nakatindi popita kusukulu akhoza kukhala m'mamita amenewo.

Kumene anthu amakhalitsa, akuba nawonso amatchera komweko. Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission, pamodzi ndi apolisi ndi mabungwe ena a boma, anagwira anthu 77 pa kampani yotchedwa Golden Top Support Services ku Roma mu Lusaka. Anapezako ma SIM khadi oposa 13,000. Achinyamata a Zambia yomwe ino ankalembedwa ntchito yocheza ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram motsatira mawu okonzedwa kale, kuti awabere. Mu Juni chaka chomwecho khoti linalamula anthu 22 a ku China kukakhala kundende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Amenewo ndi amene anagwidwa. Mameseji oti "tumizani ndalama ija pa nambala iyi", malonjezo a ntchito kunja, ndi zibwenzi za anthu amene simunawaonepo, zikubwerabe. Munthu wotopa, wosagona, amene wakhala maola akungodinadina, sachedwa kudina cholakwika. Mukalandira meseji yokayikitsa, musayankhe. Nenani ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, poimba *707#, ndipo ngati mwaberedwa kale pitani kupolisi tsiku lomwelo. Kubetcha nako kumalowera khomo lomweli. Chithunzi cha mnzanu amene wawina pa masewera obetcha a kandege mumachiona pa status ya WhatsApp, koma masiku amene analuza sajambula. Ena anayamba ndi K2, lero ali kwa a kaloba, TV ya m'nyumba ili chikole.

Makolo, apa mverani bwino. Facebook, Instagram ndi TikTok okha amanena m'malamulo awo kuti mwana wosakwana zaka 13 asakhale ndi akaunti. Komabe ana a giredi 5 ali nawo, chifukwa ananamiza chaka chobadwa, kapena chifukwa ndi inu amene mumawapatsira foni kuti asakusokonezeni. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata zamkati zosonyeza kuti kampaniyo inkadziwa kuti Instagram imawonjezera kudzida kwa atsikana ena pa nkhani ya maonekedwe a thupi lawo. Mu Meyi 2023 dokotala wamkulu wa boma la America, Vivek Murthy, anachenjeza kuti achinyamata okhala pamasamba a mchezo maola oposa 3 patsiku ali pachiopsezo chowirikiza kawiri cha nkhawa ndi kuvutika maganizo. Dziko la Australia mu Novembala 2024 linakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pamasambawa. Ife sitingadikire lamulo. Onani nambala ya pafoni ya mwana wanu, koma muyambe mwamuonetsa yanu. Mwana amene akuona mayi ndi bambo ake akudya nsima dzanja lina lili pafoni sangamve chilichonse chimene mungamuuze.

Nanga munthu akasiya, chimachitika n'chiyani? Funsoli ofufuza analiyesa, ndipo ndikufuna mumve zonse, zabwino ndi zopweteka zomwe. Kafukufuku wamkulu anachitika ku America mu 2018, motsogozedwa ndi Hunt Allcott ndi Matthew Gentzkow. Mwa anthu 2,743 amene analowamo, ena analipidwa kuti atseke Facebook yawo kwa masabata anayi chisankho chisanachitike. Amene anatseka anapulumutsa pafupifupi ola limodzi patsiku. Pa olalo ena anaonera TV, ena anacheza ndi abale ndi anzawo maso ndi maso. Ananena kuti mtima wawo unakhalako m'malo, ngakhale kusinthako kunali kochepa. Kukokana kwawo pa nkhani za ndale kunachepa. Koma nkhani za m'dziko ankazidziwa pang'ono kuyerekeza ndi anzawo amene sanatseke. Ndipo masabata anayiwo atatha, ambiri atabwerera sankakhalitsanso ngati kale. Ku Denmark, kafukufuku wa anthu 1,095 amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti sabata imodzi yopanda Facebook inathandiza kwambiri anthu amene ankaigwiritsa ntchito mopitirira, ndi amene ankachita nsanje akaona za anzawo. Pa yunivesite ya Bath ku England, mu 2022, anthu 154 anayesedwa ndipo amene anapuma sabata imodzi nkhawa zawo zinachepa. Palinso ofufuza ena, monga Jeffrey Hall wa ku Kansas, amene anayesa zomwezi osapeza kusintha kwenikweni. Choncho wina asakulonjezeni kuti kutseka akaunti kumachiritsa chilichonse. Ngongole, ulova ndi mavuto a m'banja zimakhalapobe.

Kafukufuku amene ine ndimamuona wofunika kwambiri kwa ife ndi wa pa yunivesite ya Pennsylvania mu 2018. Melissa Hunt ndi anzake anatenga ophunzira 143. Gulu lina analiuza kuti kwa masabata atatu lizikhala mphindi 10 zokha patsiku pa Facebook, 10 pa Instagram ndi 10 pa Snapchat. Gulu linalo linapitiriza mwa masiku onse, kungoti onse ankatumiza kwa ofufuzawo chithunzi chosonyeza nthawi imene akhala pafoni. Amene anachepetsa, kusungulumwa ndi kuvutika maganizo kunachepa. Koma chodabwitsa n'chakuti m'magulu onse awiri nkhawa inatsika, ndiponso mantha oti "zinthu zikundipita" anachepa. Ofufuzawo anaona kuti kungoyang'ana nambala yako nthawi ndi nthawi kumathandiza pakokha. N'chifukwa chake ndikuumirira kuti muyambe ndi kuwerenga. Sikufuna ndalama, ndipo ngakhale amene sangathe kusiya angathe kuwerenga.

Ndipo ndikudziwa kuti ambiri mu Livingstone sangasiye zonse. Mzinda uno umadya za alendo. Wogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park amatumiza zithunzi kwa mlendo amene anabwerera kwawo. Wa taxi amalandira maoda pa WhatsApp. Malogi, otsogolera alendo, ndi anyamata opalasa mabwato m'zigwembe za Batoka amapezedwa pa Instagram ndi Facebook. Amayi ogula katundu ku Botswana ndi Namibia amatsatsa pa status. Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseka malire, alendo anasowa ndipo ena anapulumukira malonda a pafoni omwewa. Magulu a mpingo, a chilimba, a sukulu ndi a maliro ali pa WhatsApp, ndipo pomwepo ndi pamene anthu a m'komboni amachenjezana kuti njovu zalowa. Wouza anthu otere kuti ataye foni sakudziwa mmene mzindawu ukhalira. Chimene ndikunena n'chakuti musiyanitse ntchito ndi kungoyendayenda. Kuyankha kasitomala ndi kuika chithunzi cha katundu kumatenga mphindi zowerengeka. Ngati chowerengera chikuti maola 5, funsani kuti maola enawo anapita kuti.

Sindikupemphanso boma kuti lititsekere masambawa. Tinaziona pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, pamene WhatsApp, Facebook, Twitter ndi Messenger zinasiya kugwira m'dziko lonse. Anthu anathamangira ma VPN kuti alambalale chiletsocho, bungwe la Chapter One Foundation linakasuma, ndipo Khoti Lalikulu linalamula ZICTA kuti itsegule. Kutsekera nzika pakamwa pa tsiku lotero kunali kulakwa. Kusiya kumene kumathandiza ndi kumene munthu wasankha yekha ataona nambala yake. Komanso kumbukirani kuti kuyambira mu Epulo 2025 dziko lili ndi malamulo atsopano awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Maloya ndi mabungwe ena akuwatsutsa kuti akupondereza ufulu, koma pakadali pano akugwira ntchito, ndipo kuzunza kapena kuchititsa munthu manyazi pa intaneti kungakufikitseni kukhoti. Mawu olemba usiku mtima uli m'mwamba, ena amawajambula n'kusunga ngakhale inu mutafufuta m'mawa.

Tsono chitani izi. Sabata yoyamba musasinthe kalikonse. Pezani kope la mwana wasukulu, ndipo usiku uliwonse lembani maola onse a tsikulo, mapulogalamu awiri amene adya nthawi yambiri, ndalama imene mwagulira bandulo kapena kubetchera, ndi nthawi imene mwazimitsa foni kuti mugone. Onjezanipo mawu amodzi onena mmene mtima unalili mutachoka pafoni: wokondwa, wokwiya, wansanje, wotopa. Lembani ndi cholembera papepala, chifukwa mukalemba mufoni mudzatsegula kuti mulembe n'kupezeka muli kwina. TV ndi mafilimu a pa laputopu muziwerenganso. Tsiku lachisanu ndi chiwiri phatikizani zonse, ndipo muonetse munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kaya ndi akazi anu, amuna anu, mchemwali wanu kapena mnzanu wa kumpingo. Nambala yobisa sichedwa kuiwalika.

Sabata yachiwiri chotsani mufoni pulogalamu imene yatsogola pakudya nthawi popanda kukubweretserani ndalama. Kwa ambiri idzakhala TikTok kapena Facebook. Kuchotsa pulogalamu sikufufuta akaunti, ndiye musaope. Ngati ntchito yanu ili pa WhatsApp, musaichotse, koma zimitsani kulira kwa magulu onse kupatula awiri kapena atatu ofunikadi, ndipo letsani mavidiyo ndi zithunzi kuti zisamatsike zokha, chifukwa n'zimene zimamaliza bandulo. Magulu amene mumangomvamo mikangano tulukanimo. Kuyambira 2022 munthu akatuluka m'gulu la WhatsApp, ma admin okha ndi amene amauzidwa. Foni izigona pabalaza. Ngati mumaidalira pokudzutsani, iikeni patali poti muchite kudzuka kuti muifikire. Nkhani za m'dziko muzimva pa wailesi, kaya ZNBC kaya mawailesi a mumzinda muno, kuti zija zinaoneka ku America zosadziwa nkhani zisakuchitikireni.

Musanachoke, konzani pakhomo. Uzani abale ndi makasitomala kuti kwa masiku akuti akufuna inu aimbe foni kapena atumize meseji wamba, kuti wina asadabwe n'kuyesa mwadwala kapena mwanyanyala. Lembani pakope manambala ofunika. Pa WhatsApp tsegulani two-step verification, muike PIN ya manambala 6 imene mukuidziwa nokha, ndipo khodi yobwera pa meseji musauze munthu, ngakhale atati ndi wa ku kampani. Akaunti yosiyidwa yopanda mwini ndi imene akuba amaifuna, kuti azipempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Choncho ngati mukuchoka pa Facebook kwa nthawi yaitali, itsekeni mwadongosolo pa Deactivate. Messenger ikhoza kumagwirabe. Mukasankha Delete, yambani mwatsitsa zithunzi zanu, makamaka za ana ndi za abale amene anatisiya, chifukwa pakatha masiku 30 simungabwezenso. SIM khadi yanu nayonso musaisiye osaigwiritsa ntchito miyezi yambiri. Nambala ikaperekedwa kwa munthu wina, makhodi a maakaunti anu azipita kwa iyeyo.

Masiku oyamba adzakhala ovuta, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Dzanja lidzapita m'thumba lokha. Mudzamva ngati foni yanjenjemera pomwe sinatero. Pamzere wa kubanki kapena pa siteshoni ya basi mudzasowa poika maso. Anzanu adzaseka nkhani imene inu simunaione, ndipo mudzamva ngati mwatsalira. Anthu ambiri amabwerera pamenepa, chifukwa anachotsa pulogalamu osakonza chochita pa ola lotsalalo. Likonzereni ntchito olalo musanayambe: kuthirira dimba, kuthandiza mwana homuweki, kwaya, mpira wa madzulo, kukaona agogo amene mwakhala mukungowatumizira meseji. Livingstone Museum ili pakati pa tauni, ndipo alendo amachoka kutali kudzalowamo pomwe ana athu ambiri amangoidutsa panja. Kope lija pitirizani kulemba. Sabata yachiwiri ikatha, ikani manambala a masabata awiriwo pamodzi, maola ndi makwacha, muone nokha. Ena adzabwezeretsa pulogalamu ija n'kuiikira malire a mphindi 30 mu Digital Wellbeing. Ena adzapitiriza mpaka mwezi. Zonsezi n'zabwino, malinga mukudziwa nambala yanu.

Atsogoleri a mipingo, aphunzitsi, ma chairman a misika ndi a masiteshoni, nkhaniyi itengereni kwa anthu anu sabata ino. Gulu la chilimba limene limawerengerana ndalama mwezi ndi mwezi lingathenso kuwerengerana maola, ndipo kusiya muli awiri kapena atatu n'kosavuta kuposa kusiya wekha.

Pali anthu ena amene foni ikuwaphimbira chilonda chachikulu: imfa ya wokondedwa, nkhanza za m'banja, ngongole ya kubetcha, kapena maganizo ofuna kudzipha. Kwa otere, foni ikangoikidwa pansi, zonsezi zimabwera pamodzi usiku, ndipo n'zoopsa kukhala okha. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, kapena mwaona mwana kapena mnzanu wasintha, sakudya, sakugona, akudzipatula, musadikire kuti sabata ya kope ithe. Pitani ku kiliniki ya m'dera lanu kapena ku Livingstone University Teaching Hospital. Lifeline/Childline Zambia amayankha mwaulere usana ndi usiku: akuluakulu imbani 933, ana imbani 116. Mwana amene akuopsezedwa kuti zithunzi zake aziwulutsa akapanda kutumiza ndalama asatumize kalikonse, asafufute mameseji, auze munthu wamkulu ndipo apite naye kupolisi.